Khadi la Katoni

M'nyumba mwanga muli kachitini kakale ka mabisiketi komwe ana anga amadziwa kuti sikaseweretsedwa. Mlendo atakaona angaganize kuti ndimasungamo ndalama kapena ziphaso za sukulu, koma mukakatsekula mumangopeza makhadi 51 othaitha m'mbali, pamodzi ndi kachidutswa ka katoni kodulidwa molingana ndi makhadiwo. Pa kachidutswako padajambulidwa timitima titatu ndi cholembera chofiira, chija aphunzitsi amachongera nacho makope. Adajambula timitimato ndi bambo anga, ndipo ngati pali chuma chomwe ndidalimbirana ndi abale anga pogawana katundu wa malemuwo, n'chimenechi basi.

Bambo adali mphunzitsi wa pulayimale m'boma la Ntcheu, dera lija msewu waukulu wochokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre umayenda m'malire, moti ukaponya mwala kutsidya umakagwera ku Mozambique. Makhadiwa adafika nawo pakhomo mu 1984, ine ndili Sitandade 3. Tsikulo mayi adatsala pang'ono kugwetsa mbale ya ndiwo.

"Inu aphunzitsi, mkulu wa mpingo wathunthu, njuga mwayamba liti? Anthu akamva ati chiyani?" adafunsa mayi.

"Mayi, njuga imalira ndalama. Apa simuonapo ngakhale tambala imodzi. Awa ndi maphunziro," adayankha bambo uku akuyala mphasa.

Mayi sadakhutire. Adakakhala poteropo n'kumaswa mtedza, msana atatilozetsa. Koma sabata isadathe tidangomva mawu kuchokera kumene kudali lichero kuja: "Iwenso, si ilo lachitatu kuchokera kumapetolo!" Kuyambira tsiku limenelo pamphasa padawonjezeka munthu, ndipo nkhani ya njuga idafera pomwepo.

Kwa inu amene simudasewerepo, malamulo ake ndi osavuta. Makhadi onse 52 amasakanizidwa bwinobwino n'kuyalidwa chafufumimba, ife tinkayala mizere 4 ya makhadi 13. Wosewera amavundukula makhadi awiri aliyense akuona. Akakhala ofanana nambala, kaya ma 7 awiri kapena mafumu awiri, amenewo kwathu tinkati mapasa, ndipo wowapezayo amawatenga n'kuseweranso. Akasiyana, amawagoneka chafufumimba pamalo omwe adali, mpata n'kupita kwa mnzake. Mapasa onse alipo 26, ndipo wopambana ndi amene watola ambiri. Safuna mphamvu, safuna liwiro, komanso sasankha msinkhu. Chimene amafuna n'chakuti uzikumbukira chomwe waona ndi pomwe wachiona.

Bambo ankawatchula masewerawa ndi dzina lomwe adalimva kusukulu ya uphunzitsi, lakuti Pelmanism, koma malilime athu adaliwongola n'kukhala Pelemani. Ndili mwana ndinkaganiza kuti Pelemani adali mzungu wina wa kumishoni. Ndidadzamva nditakula kuti dzinali lidachokera ku Pelman Institute ya ku London, sukulu yomwe idayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 ndipo inkaphunzitsa anthu luso lokumbukira kudzera m'makalata. Ndidadzamvanso kuti si ife tokha tinkasowa nawo tulo. Ku America amawatchula Concentration. Ku Germany kampani ya Ravensburger idawatulutsa mu 1959 ndi makhadi a zithunzi pansi pa dzina lakuti Memory, itawalandira kwa William Hurter wa ku Switzerland. Anthu a ku Czech amati Pexeso. Koma amene adawatcha dzina loona ndi a ku Japan, poti iwo amati shinkei-suijaku, kutanthauza kulefuka kwa bongo. Aliyense amene adatambasulapo dzanja ali wotsimikiza kuti mfumu yagona apa, n'kuvundukula 4, sangatsutse dzina limeneli.

Kunena zoona, pamphasa paja padalibe chibale. Mlongo wanga wamkulu, munthu wofatsa ngati nkhosa masana, ankasanduka nyalugwe nyali ya koloboyi ikangoyatsidwa. Mng'ono wanga ankalira akaphonya, kenako n'kumanamizira utsi wa nyali. Ine vuto langa lidali phuma. Ndikaona khadi lomwe mnzake ndikumukumbukira, mtima unkagunda ngati mtondo, ndipo podikira kuti mpata wanga ufike ndinkangobwereza chamumtima kuti mzere wachiwiri, lachisanu, mzere wachiwiri, lachisanu. Potero sindinkaonanso zomwe anzanga akuvundukula. Mpata ukafika ndinkatola mapasa amodziwo n'kutsala m'chimbulimbuli.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," ankatero bambo. "Iwe umasewera nthawi yako yokha. Masewerawa amapambana ndi munthu amene amasewera nthawi ya anzake."

Mawu amenewa ndidachedwa kuwamvetsa. Taganizani izi: poyamba penipeni, ukavundukula khadi loyamba, mwa makhadi 51 otsalawo atatu okha ndiwo angafanane nalo. Ndiye kuti mwayi wako ndi umodzi mwa 17. Choncho chiyambi cha masewerawa n'chodzaza ndi kuphonya, ndipo kuphonya kulikonse kumaulula makhadi awiri kwa onse okhala pamphasa. Mnzako akalephera, wakuphunzitsa mwaulere. Ngati pamphasa pali anthu asanu, zambiri zomwe udzadziwe zidzachokera m'manja mwa anzako anayiwo. Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Bambo adatiphunzitsanso kuti uziyamba ndi khadi lomwe sudalionepo, kenako n'kupita pa lomwe ukulikumbukira, chifukwa ukayamba ndi lodziwika umangotaya mwayi woona latsopano uli ndi mpata wosankha mnzake. Iwo eni nthawi zina ankachita chinthu chomwe tinkachiona ngati nkhanza: khadi loyamba likakhala lopanda mnzake wodziwika, lachiwiri ankavundukula dala lomwe tonse tidaliona kale, kuti wotsatira asaphunzirepo kanthu.

Khadi la katoni lidabadwa chifukwa cha mbuzi. Tsiku lina Loweruka tidasewera masana pakhonde, mvula idatidzidzimutsa, ndipo pothawa tidasiya khadi limodzi pansi. Pomwe tinkalikumbukira n'kuti mbuzi ya aneba ikumalizitsa kutafuna 3 wa mitima. Mayi adaithamangitsa ndi mthiko mpaka kuseri kwa nkhokwe, koma idapita nalo. Tidadandaula ngati pagwa maliro, poti makhadi 51 sangathe onse kukhala mapasa. Bambo adatenga katoni ya sopo, adadula ndi lezala, n'kujambulapo timitima tija. Vuto lidali lakuti khadi limeneli linkadziwika ngakhale litagona chafufumimba, popeza lidali lokhuthala komanso lotuwa. Aliyense wovundukula 3 ankangotambasula dzanja n'kulitola osaganiza n'komwe. Mlongo wanga adati kumeneko n'kubera, koma bambo adagamula kuti likhale, ati m'masewera alionse pamafunika khadi limodzi la wina aliyense, loti ngakhale wofooka atolepo kanthu.

Pa zaka zonse za ubwana wanga sindikumbukira tsiku lomwe bambo adagonja. Tinkakhulupirira kuti amaona kuseri kwa makhadi. Chinsinsi chawo adandiuza ndili ku sekondale. Adati akayang'ana mizere 4 ija amaona kalasi, ndipo khadi lililonse ndi mwana wokhala pamalo pake. Wakutsogolo kumanzere ndi uja wobwera mochedwa, wachiwiri ndi uja wa mamina, wapakona kumbuyo ndi uja wogona. Khadi likavundukulidwa, iwo ankangoti mwana wogona uja lero wanyamula 9. Munthu amene adatha zaka zoposa 30 akuitana mayina m'kaundula sakadasochera m'kalasi la ana 52. Pambuyo pake ndidadzawerenga kuti akatswiri olankhula pagulu a ku Greece ndi ku Rome wakale ankachitanso chimodzimodzi, kuika mfundo zawo m'zipinda za nyumba yomwe ankaiona m'maganizo. Bambo sadawerengepo zimenezo. Adangozitola m'fumbi la choko.

Adapuma pantchito mu 1996 n'kukhazikika kumudzi. Ife tidabalalika, wina ku Mzuzu, wina ku Zomba, ine ku Lilongwe, koma pa Khirisimasi tinkasonkhana ndipo chitini chija chinkatuluka. Zidzukulu zidalowa m'bwalo, ndipo apa mpomwe ndidaona chomwe makolo ambiri amachiona: mwana wa zaka 6 kapena 7 amatha kuchititsa manyazi munthu wa digiri. Ife akuluakulu timakhala pamphasa mutu uli ku ngongole, ku fizi ndi ku mtengo wa feteleza, pamene mwana amakhala pamphasa ndi mutu wake wonse. Komabe agogo awo ankawaposa onse, ngakhale tsopano movutikira.

Kenako idafika Khirisimasi ya 2015. Mzime wanga wamkazi adali ndi zaka 7, ndipo bambo ankamukonda kwambiri, ankamutchula kuti mkazi wanga monga achitira agogo. Masewera ali pakati, bambo adavundukula mfumu ya pakona, adafunafuna mnzake, adaphonya. Mpata wawo utabweranso adavundukula mfumu yomwe ija, ndipo adaiyang'ana modabwa ngati akuiona koyamba. Kachitatu adachitanso chimodzimodzi. Mwana uja adatola mapasa 11, agogo ake atatu okha. Ana adakuwa ndi chimwemwe, mwanayo adavina kuzungulira mphasa, ndipo tonse tidaseka n'kumati tsobola wakale sawawa. Bambo nawo adaseka. Amene sadaseke ndi mayi. Usiku womwewo adandiitanira kukhitchini n'kundiuza motsitsa mawu kuti, "Bambo akowa sali bwino. Dzulo andifunsa katatu ngati nkhuku zalowa."

Ndidawayankha kuti ndi ukalamba chabe. Ndidayankha choncho chifukwa ndinkaopa.

Chaka chotsatira zinthu zidathamanga. Adayamba kunditchula dzina la mng'ono wawo yemwe adamwalira kalekale. Ankaika ndalama m'thumba la ufa n'kumati wina waba. Usiku wina adadzuka tambala asadalire, adavala jekete ndi tayi, n'kuuyamba ulendo wa kusukulu yomwe adaisiya zaka 20 zapitazo, ati belu lalira. Adawapeza anyamata opita kudimba. Apa mpomwe manong'onong'o adayamba, poti kwathu kuno nkhalamba yopezeka panja usiku sifunsidwa ngati yasochera. Mu Januwale 2016 anthu okalamba anayi adaphedwa ku Neno powaganizira ufiti, ndipo nkhaniyo idali idakali m'makutu mwathu. Lamulo la dziko lino, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1911, limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo limakhala kutali ndipo mphekesera imakhala pakhomo. Munthu amene adaphunzitsa theka la mudzi kulemba dzina adayamba kupatukiridwa panjira.

Tidapita nawo kuchipatala mumzinda. Dokotala adawatchulira mawu atatu kuti awasunge, adacheza nawo pang'ono za mvula ndi za ulimi, kenako adawafunsa mawu aja. Bambo adandiyang'ana ine, monga momwe mwana wosakonzeka amayang'anira mnzake m'kalasi. Dokotalayo adatifotokozera kuti awa ndi matenda a bongo oiwalitsa, ndipo mtundu wake wofala kwambiri udatchedwa dzina la Alois Alzheimer, dokotala wa ku Germany yemwe adaufotokoza mu 1906. Adati matendawa amayamba ndi kuwononga mbali ya bongo yomwe imasunga zinthu zatsopano, n'chifukwa chake munthu amatha kukumbukira bwino za unyamata wake koma osakumbukira ngati wadya. Mu 2023 bungwe la WHO lidati anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse adali ndi matenda oterewa, ndipo ambiri mwa iwo adali m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Nditamva kufotokoza kwa dokotala ndidazindikira zomwe zidachitika pamphasa paja. Kalasi la bambo lidalipobe, ana onse 52 adali m'malo mwawo, koma zomwe anawo anyamula lero sizinkalembekanso.

Dokotala adatichenjeza kuti mankhwala ochiza matendawa palibe, ndipo masewera sangabweze zomwe zapita. Koma adati kucheza, kuseka ndi kuchita zomwe munthu adazizolowera kumamuthandiza kukhala wodekha. Choncho tidapitiriza Pelemani. Tidangochepetsa makhadi kuchoka pa 52 kufika pa 20.

Apa ndiye ndiulule tchimo langa. Ndidayamba kugonja dala. Ndikadziwa pomwe pali mapasa ndinkavundukula khadi lina, kenako n'kudzimenya pachipumi monga wokhumudwa. Nthawi zina ndinkasiya chala pafupi ndi khadi loyenera kuti aone. Ndinkadziuza kuti ndikuwasungira ulemu. Ndidachita zimenezi maulendo angapo, mpaka tsiku lina pa tchuthi cha Pasaka mu 2017, pomwe bambo adagwira dzanja langa lili m'malere.

"Iwe, adakuphunzitsa masewerawa ndani?"

"Ndinu, bambo."

"Nanga ukundinamiziranji? Dzanja lako linapita pa khadi loyenera, walibweza wekha. Ndakuona." Adakhala chete pang'ono, kenako adati, "Mutuwu ukutha, ndikudziwa. Koma ukayamba kundisiyira dala, ndiye kuti wandiika kale m'manda. Sewera."

Ndidachita manyazi ngati mwana wogwidwa akubera mayeso. Munthu amene sankakumbukira khadi lomwe waliona mphindi yapitayo adathabe kuwerenga dzanja la mwana wake. Ndidasewera moona, ndipo ndidatola mapasa 9, iwo amodzi. Aka kadali koyamba m'moyo wanga kuwagonjetsa tili awiriwiri, chinthu chomwe ndidachilakalaka kuyambira ndili Sitandade 3, koma chidandiwawa pakhosi ngati ndameza fupa. Iwo adawomba m'manja n'kunena kuti, "Eya, apo ndiye wasewera."

Usiku umenewo sindidagone. Ndidaona kuti chifundo changa chija chidali ndi mbali ina yonyansa. Pogonja dala ndinkadziteteza ndekha kuti ndisaone bambo anga akulephera, ndipo potero ndidawachotsa pa gulu la osewera n'kuwaika pa gulu la ongosangalatsidwa. Anthu a m'mudzi ankawapatuka chifukwa cha mantha, ine ndinkawapatuka chifukwa cha chisoni, koma tonse tidali titasiya kuwaona ngati munthu woti n'kulimbana naye.

Njira yabwino adaipeza ndi mwana. Mzime wanga uja, ataona agogo ake akuvutika, adasendera pafupi n'kunena kuti, "Agogo, ine ndi inu tikhale mbali imodzi, tiwathire ufa adadiwa." Bambo adati, "Bwera mkazi wanga, tiwaonetse." Kuyambira pamenepo ankasewera awiri. Mwana ankakumbukira malo n'kuwanong'oneza, iwo ankavundukula. Koma sadali ongotumidwa ayi. Mwanayo akafuna kuthamangira khadi lodziwika, ankamugwira mkono n'kumukumbutsa kuti ayambe ndi lachilendo. Malo a makhadi adawathawa, koma nzeru ya masewera idatsala. Ine ndinkasewera ndi mphamvu zanga zonse, ndipo kawirikawiri ankandigonjetsa popanda chinyengo. Ndithudi mutu umodzi susenza denga.

Makhadi adapitirira kuchepa. Kuchoka pa 20 tidafika pa 12, kenako pa 6. Ulendo womaliza tidasewera mu Disembala 2019. N'kuti atasiya kutchula dzina langa, ankangondipatsa moni waulemu ngati mlendo wochokera kuboma. Ndidayala mafumu awiri, ma 7 awiri ndi ma 3 awiri, limodzi mwa iwo lili la katoni lija. Adayang'ana nthawi yaitali osatambasula dzanja. Kenako chala chawo chidayenda pang'onopang'ono, chidadumpha makhadi osalala aja, n'kukaima pa lokhuthala. Adalinyamula, adaliyang'ana mbali zonse, ndipo nkhope yawo idawala.

"Mbuzi ija," adatero. Adayamba kuseka mpaka misozi. "Amayi ako ndi mthiko!"

Adati amayi ako. Kwa kamphindi kameneko adadziwa kuti wokhala patsogolo pawoyo ndi mwana wawo. Mayi, omwe adali pakhomo la khitchini, adaphimba nkhope ndi chitenje. Sitidamalize masewerawo, ndipo khadilo adagona nalo m'thumba la malaya. Adatisiya mu Febuluwale 2020, chimanga chili ngaiyaye.

Lero ndikaganiza za mawu awo aja, oti masewerawa amapambana ndi wosewera nthawi ya anzake, ndimaona kuti ankanena zoposa makhadi. Zambiri zomwe ndimadziwa za ine mwini sindidazione ndekha. Tsiku lomwe ndidayamba kuyenda, matenda omwe adatsala pang'ono kunditenga ndili khanda, dzina la agogo a agogo anga, zonsezi adandisungira ndi ena mpaka nditakula. Itafika nthawi yoti bambo sangathenso kusunga zawo, udali mpata wathu kuwasungira, kuwauza dzina la mudzi wawo, kuwakumbutsa kuti adali mphunzitsi, ndi kuuza a m'mudzi kuti nkhalamba yoyenda usiku ija ikungofuna kukafika m'kalasi belu lisadasiye kulira. M'banja kukumbukira n'kolandirana ngati mtondo wa anthu awiri, wina akakweza munsi mnzake amatsitsa.

Tidagula makhadi atsopano, osalala, okwana 52, ndipo ndi omwe timasewera masiku ano. Akale aja amangotuluka m'chitini kuti ana awaone ndi kumva nkhani ya mbuzi. Pa Khirisimasi yapitayi, masewera ali pakati, ndidavundukula 8 wa pamzere wachitatu, ndipo mpata wanga utabweranso ndidavundukula yemweyo. Mwina kudali kutopa chabe, poti tidali titayenda ulendo wautali. Koma nditadzutsa mutu ndidapeza mzime wanga, yemwe tsopano ndi namwali, akundiyang'ana ndi maso aja mayi adayang'ana nawo bambo mu 2015. Mpata wake utafika, dzanja lake lidapita pa khadi loyenera, kenako lidayamba kubwerera.

Ndidaligwira lili m'malere.

"Sewera, mwana wanga," ndidatero.